Kodi kingi ndi mapointi angati? Mwana wandifunsa ndipo yankho langa silinamufike pamtima

Aphunzi_e4

Moni nonse akuluakulu. Ndabwera ndi funso lomwe lakhala likundizungulira mmutu chiyambire Lachitatu. Ine ndimaphunzitsa ana chess masana tikaweruka, ndi kakilabu kakang'ono chabe, ana 14 mabolodi atatu, ena akamasewera ena amaonerera kudikira nthawi yawo. Sabata ino timaphunzira za mtengo wa mapisi chifukwa ndinatopa kuona ana akupereka ruku kuti adye poni kenako nkumasangalala kuti adya. Nde ndinawalembera mmene tonse tinaphunzirira: poni 1, hatchi 3, bishopu 3, ruku 5, kwini 9.

Ndisanamalize nkomwe mtsikana wina wa Sitandade 7 anakweza mkono, akuti aphunzitsi nanga kingi mwamusiyiranji. Ine ndinati kingi alibe mtengo poti sadyedwa. Iye akuti ngati alibe mtengo ndiye kuti ndi 0? Ndinati ayi, ndikutanthauza kuti mtengo wake ndi waukulu kuposa onse, akagwidwa iyeyo gemu yatha. Anangoti duu kaye, kenako akuti koma chinthu choyenda sitepe imodzi imodzi chingapose bwanji kwini amene amadutsa bolodi lonse kamodzinkamodzi. Apo mnyamata wina amene anakulira pa drafti analowererapo kuti kingi ndi wamphamvu basi nchifukwa chake amatchedwa kingi, ku drafti ukalowa kingi mnzako amayamba kutuluka thukuta. Ana anagawikana pawiri mpaka nthawi inatha nkhani isanathe.

Chomwe chikundivuta nchakuti mwanayu sakulakwa kufunsa, ndipo zotsatira za kaphunzitsidwe kanga ndikuziona pabolodi. Ana anga akapanga castle (move yosuntha kingi ndi ruku limodzi pofuna kubisa kingi kumbali) kingi amakhala pa bokosi la g1 (bokosi lililonse pabolodi limatchulidwa ndi chilembo ndi nambala) mpaka gemu kutha, olo patatsala maponi okhaokha, amangokankha maponi opanda wowaperekeza nkumadyedwa imodzi imodzi. Ndikuganiza kuti ndinawaopseza kwambiri ndi mawu oti bisani kingi, bisani kingi.

Nde ndithandizeni, pali nambala yeniyeni imene akatswiri amamupatsa kingi? Ngati ilipo inachokera kuti, ndipo mwana wa zaka 12 ndingamufotokozere bwanji? Lachitatu likubwerali ndikufuna ndikamuyankhe zogwira mtima.

Ruku_Ziwiri

Aphunzitsi kwa ine yankho lanu lija lili bwinobwino musalisinthe. Mapointi aja anawapangira kusinthana, kuti udziwe ngati kupereka ruku nkulandira hatchi ndi poni wapindula kapena waluza. Tsono kingi sungamusinthanitse ndi kanthu, malamulo a FIDE, bungwe loyendetsa chess padziko lonse, saloleza ngakhale kumudya kumene, gemu imathera pa chekimeti, pamene waopsezedwa nkusowa njira yopulumukira, iye adakali pabolodi pomwepo. Chinthu chosalowa mumsika sichikhala ndi mtengo. Olo pa Lichess kapena Chess.com, masamba osewerera chess pa intaneti, paja amaonetsa kuti uli +2 kapena +5 kingi samuwerengera, aliyense ali naye mmodzi kuyambira move yoyamba mpaka yomaliza nde amangofafanizana.

Za mnyamata wa drafti uja muuzeni kuti dzina lokha ndi lomwe lafanana. Kingi wa drafti ndi kanthu kamene kafika kumapeto nkukwezedwa udindo, ku chess zimenezo ndi poni yasanduka kwini. Kingi wa chess ndi nkhani ina.

Gogo_Opposition

Achimwene a Ruku_Ziwiri mwanena zoona koma mwayankha theka la funso. Mtsikanayo wafunsa mafunso awiri nthawi imodzi, ndipo aphunzitsi mukawasiyanitsa mafunsowa chisokonezo chonse chitha. Loyamba ndi lakuti ndingamugulitse zingati. Lachiwiri ndi lakuti amagwira ntchito yochuluka bwanji. Kwa mapisi ena onse mafunso awiriwa yankho lake limakhala limodzi nchifukwa chake sitizindikira kuti ndi awiri, koma kwa kingi amapatukana. Zili ngati munda wa makolo kumudzi, sugulitsidwa olo wina abwere ndi ndalama zodzaza thumba, koma zimenezo sizitiletsa kuwerenga matumba a chimanga amene umatulutsa pachaka. Ana akumudzi chitsanzo chimenechi achimva msanga.

Tsono matumba a kingi ndi angati? Nambala imene imatchulidwa kwambiri ndi 4. Emanuel Lasker, mkulu wa ku Germany amene anakhala katswiri wa dziko lonse kuyambira 1894 mpaka 1921, zaka 27 zathunthu ndipo palibe wamuposa mpaka lero, ankamuyika kingi pa mlingo wa hatchi kuphatikiza poni imodzi, ndiye kuti 4. Kutanthauza kuti kumathero kwa gemu, makwini atachoka ndipo chiopsezo cha chekimeti chachepa, kingi amagwira ntchito kuposa hatchi kapena bishopu koma safika pa ruku. Ine zaka zonse ndakhala ndikusewera ndimaona kuti nambala imeneyi siikunama.

Koma musakangomuuza nambala, kamuonetseni pabolodi. Ikani kingi woyera pa e5, poni yoyera pa e4, kingi wakuda pa e7, basi zitatu zokhazo. Ngati ili nthawi ya wakuda kusuntha waluza, chifukwa akapita d7 kingi woyera alowa f6, akapita f7 alowa d6, ndipo kuchokera pamenepo amaitsegulira poni njira mpaka ikalowe. Koma ngati ili nthawi ya woyera ndi draw, akapita d5 wakuda aima naye maso ndi maso pa d7, akapita f5 aima naye pa f7, sangadutse, ndipo akatopa nkuyamba kukankha poni zimakathera ku stalemate, pamene woyenera kusuntha alibe move yololedwa koma kingi wake sanaopsezedwe, imeneyonso ndi draw. Mapisi ndi omwewo, mapointi ndi omwewo, 1 kwa 0, koma amene akuweruza mlandu wonse ndi makingi awiriwo ndi mmene ayang'anizana. Chimenechi ndi chomwe timati opposition. Asiyeni ana asewere malo amenewa mbali zonse ziwiri kangapo, mudzaona nkhope zawo zikusintha.

Chachiwiri, mtsikanayo amakhulupirira kwini eti? Mupatseni kwini ndi kingi, inu mutsale ndi kingi yekha, ndipo mumuuze kuti akupangeni chekimeti osakhudza kingi wake. Adzakupatsani macheki, kuopseza kingi wanu, mpaka dzuwa kulowa koma sadzatha, kwini payekha sangagwire kingi. Ruku chimodzimodzi. Mpaka kingi wake anyamuke abwere adzatseke njira zothawira. Pamenepo adzaona yekha kuti uja woyenda sitepe imodzi imodzi ali ndi ntchito imene kwini sangaigwire.

Ndiwonjezere china chimene chimadabwitsa ngakhale akuluakulu. Maponi awiri oyandikana akafika pa mzere wa 6, tinene d6 ndi e6, ndipo makingi onse ali kutali, ruku yokha siingawaimitse, imodzi imalowa ndithu. Koma kingi akaima kutsogolo kwawo pa d8 kapena e8 amawagwira onse awiri, sangadutse mpaka kingi wawo abwere kudzawathandiza. Nde pantchito imeneyo yokha wa mapointi 4 waposa wa mapointi 5. Chifukwa chake nchakuti kingi amaluma mbali zonse 8 zomuzungulira, chilichonse chimene chamuyandikira chili pamavuto. Vuto lake ndi mtunda basi, zakutali sazifikira msanga.

Masamu_Okha

Ndilowepo ndi masamu pang'ono poti agogo atchula 4, ndionetse kuti nambalayi siinangogwa kumwamba. Njira yapafupi yoyezera mphamvu ya pisi ndi kuiika pa bokosi lililonse mwa mabokosi 64 pa bolodi lopanda kanthu nkuwerenga kuti ingapite malo angati. Kingi pakona ali ndi malo 3, mmphepete 5, mkati 8. Makona alipo 4, mabokosi a mmphepete osawerengera makona 24, amkati 36. Nde 12 kuphatikiza 120 kuphatikiza 288 zikukwana 420, tikagawa ndi 64 tikupeza pafupifupi 6.6. Hatchi mukaiwerengera chimodzimodzi imapeza 336, ndiye kuti 5.25 pa bokosi. Bishopu 560, kapena 8.75. Ruku ndi 14 paliponse pamene yaima, kwini 22.75. Apa mukuona kuti kingi wakhala pakati pa hatchi ndi bishopu, ndipo kumbukirani kuti bishopu nambala yake ikuoneka yonona koma amayenda mtundu umodzi wokha wa mabokosi, 32 enawo sadzawapondapo mpaka gemu kutha, pomwe kingi amaponda onse. Izi ana a Sitandade 7 akhoza kuwerenga okha, ndi homuweki yabwino kwambiri.

Komanso pafupi pafupi kingi ndi wachangu kuposa hatchi, anthu sakhulupirira. Hatchi ili pa e4 kuti ifike e5, bokosi loyandikana nalo, imafuna ma move 3. Kuti ifike g6 imafuna 4, kingi amafika ndi 2. Hatchi ili pa a1 kupita b2 ndi ma move 4, kingi 1. Ndipo kingi amatha kutaya move dala, kuzungulira pa mabokosi atatu nkubwerera pomwe anali kuti mnzake ndiye akhale woyenera kusuntha, chinthu chimene hatchi siingachite chifukwa ikasuntha imasintha mtundu wa bokosi nthawi zonse.

Tsono mbali ya a Ruku_Ziwiri nayonso ili ndi nambala yake, ndipo nkhani yake imandisangalatsa. Mu 1950 Claude Shannon, katswiri wa masamu wa ku America amene ankagwira ntchito ku Bell Labs, anatulutsa pepala lofotokoza mmene kompyuta ingasewerere chess. Kompyuta siimva mawu oti "alibe mtengo", imafuna nambala basi. Nde mu fomula yake anaika kwini 9, ruku 5, bishopu ndi hatchi 3, poni 1, koma kingi anamupatsa 200. Sikuti ankaganiza kuti kingi amamenya ngati makwini 22 ayi. Werengani mapointi a katundu yense wa mbali imodzi poyamba gemu: maponi 8, mahatchi 6, mabishopu 6, maruku 10, kwini 9, zonse 39. Olo maponi onse 8 atalowa nkusanduka makwini mufika 103 basi. Ndiye 200 ndi nambala yongoonetsetsa kuti kompyuta isayerekeze nkomwe kupereka kingi posinthana ndi china chilichonse. Akanatha kulemba 500 kapena 1000 sizikanasintha kanthu.

Nde aphunzitsi manambala alipo awiri, 200 wa Shannon akuyankha funso la kugulitsa, 4 wa Lasker akuyankha funso la ntchito. Ndipo mapulogalamu a kompyuta osewera chess a masiku ano ngati Stockfish, chiyambire 2020 pamene anayamba kugwiritsa ntchito NNUE, njira yoyezera malo pabolodi imene kompyuta inaphunzira kuchokera ku zitsanzo zambiri, amayeza pisi iliyonse molingana ndi pamene kingi waima. Hatchi yomweyo pa bokosi lomwelo imaonedwa mosiyana kingi akasuntha. Kwa ine zimenezi zikunena zambiri, kingi ndi amene mapisi enawo akuyezedwera.

NaBishopu

Abambo inu mwalongosola bwino ndipo sindikutsutsa masamu anu, koma ine ndaphunzitsapo ana zaka zingapo ndipo ndikupempha aphunzitsi asamale ndi nambala 4 imeneyi. Mwana ukamuuza kuti kingi ndi 4 ndipo hatchi ndi 3, mawa lomwe adzamutulutsa pa move ya 6 kukamenya nkhondo makwini onse ali pabolodi, chifukwa mwana amatenga mawu mmene wawanenera. Ndinaziona ndi maso anga, kamnyamata kena kabwino kwambiri kanaluza magemu atatu otsatizana pampikisano wa masukulu sabata imene ndinakaphunzitsa za kingi wolimba mtima, ndipo kanalira, ine mpaka lero zimandiwawa chifukwa ndinali nditafotokoza theka lokha.

Zoona zake nzakuti poyamba gemu ndi pakati pake kingi ntchito yake siifika 4, ndinganene kuti ndi katundu wolemetsa amene uyenera kumusenza. Taganizani, umataya move kupanga castle, maponi atatu a kutsogolo kwake sungawasunthe mwachisawawa, nthawi zambiri hatchi ya pa f3 imakhala mlonda wake. Onsewo akudya malipiro a ulonda. Ndipo pisi ina iliyonse ikaopsezedwa uli ndi ufulu woisiya nkukachita zako kwina, koma cheki sungainyalanyaze, ukuyenera kuyankha pompo olo unali ndi pulani yokoma bwanji. Masamu a mabokosi 420 aja saonetsa zimenezi, saonetsanso kuti kingi saloledwa kuponda bokosi lililonse limene mdani akuliyang'ana, pomwe hatchi ikhoza kudumphira pamoto dala ngati nsembe. Nde bolodi likadzaza mwa malo 8 aja mwina atsala 1 kapena 2.

Aphunzitsi ana anu muwaonetse gemu ya Edward Lasker ndi George Thomas ya ku London mu 1912, ameneyu ndi Lasker wina osati Emanuel uja. Ndi yaifupi, ma move 18 okha. Woyera anapereka kwini pa h7, kingi wakuda anadya, ndipo kuchokera pamenepo anakokedwa ndi macheki okhaokha, h7, h6, g5, f4, f3, g2 mpaka g1, kunyumba kwa mdani kwenikweni, nkukafera komweko. Wakuda anali ndi kwini wathunthu woposa mnzake koma sanapeze mpata olo umodzi womugwiritsa ntchito. Ana amaikonda gemu imeneyi ndipo saiwala phunziro lake.

Ine mmene ndimawauzira tsopano ndi chonchi: yang'ana kaye mnzako watsala ndi chiyani chokumenyera. Ngati kwini wake alipo, kingi akhale mnyumba. Kwini akachoka koma maruku awiri alipo, atuluke koma akuyang'ana uku ndi uku. Kukatsala ruku imodzi kapena tizidutswa ting'onoting'ono ndi maponi, athamange kupita pakati osachedwa olo move imodzi. Si lamulo lopanda kuphonya koma kwa mwana wa zaka 12 limamusunga.

Hatchi_f3

Mayi NaBishopu ndakumvani ndipo kwa ana ndikugwirizana nanu, koma ndisasiye osatchula gemu imene inandipangitsa ine kukonda chess, chifukwa imaonetsa kuti nkhani si kwini kukhalapo kokha ayi, nkhani ndi yakuti mapisi a mdaniyo angamufikire kingi wako kapena ayi. Nigel Short wa ku England ndi Jan Timman wa ku Netherlands, ku Tilburg mu 1991. Makwini onse ali pabolodi, maruku onse anayi alipo. Short anali atamumanga mnzake manja ndi miyendo, kwini wake atakhala pa f6 pafupi ndi kingi wakuda, maruku ake atagwira mzere wa d, koma panalibe pisi yotsala yoti ikamalize ntchito. Nde anatenga kingi wake yemwe, h2, g3, f4, g5, akulowera ku h6 kuti akathandize kwini kupanga chekimeti pa g7. Timman anagonja kingi atafika pa g5. Nthawi yoyamba kuiona ndinabweza ma move katatu kuona ngati sindinalakwitse poika mapisi. Pamenepo kingi anagwira ntchito ya pisi yathunthu pakati pa gemu, chifukwa mapisi a Timman ngakhale analipo ambiri panalibe imene ikanamupatsa cheki yopweteka.

China ndi njira yoyambira gemu yotchedwa Berlin, imene Vladimir Kramnik anamuvutitsa nayo Garry Kasparov polimbirana ukatswiri wa dziko lonse ku London mu 2000. Makwini amasinthana pa move ya 8, kingi wakuda amadya pa d8 nkutaya mwayi wa castle, zimene tonse tinaphunzitsidwa kuti ndi tsoka. Koma popanda makwini kingi uja sakhala pamavuto kwenikweni, amangoyenda pang'onopang'ono kupeza malo ake. Kasparov, munthu woopsa pomenya kingi, sanawine gemu olo imodzi mumpikisano wonsewo ndipo anataya ukatswiri wa dziko lonse.

Za mbiri pang'ono poti mtsikanayo akuyerekeza kingi ndi kwini. Kale mu shatranj, chess imene ankasewera Aperezi ndi Aluya, pisi imene lero timati kwini inkayenda bokosi limodzi lokha chopingasa, ndipo imene timati bishopu inkangodumpha mabokosi awiri chopingasa. Ndiye kuti nthawi imeneyo kingi anali wamphamvu kuposa onse awiriwo. Kwini wothamanga amene timamudziwayu anabwera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1400 ku Ulaya. Kingi mayendedwe ake a sitepe imodzi sanasinthe, anzakewo ndi amene anapatsidwa miyendo yaitali, nde mpake kuti lero amaoneka wofooka ukamuyika pambali pawo.

Ngati muli ndi foni ndi bandulo, pa Lichess pali mtundu wina wa gemu wotchedwa King of the Hill, umawina ukafikitsa kingi pa d4, e4, d5 kapena e5. Ana akasewera kangapo amayamba kumva okha mthupi kuti ndi liti pamene kingi angatuluke ndi liti pamene akufuna kudzipha. Olo popanda foni mukhoza kusewera pabolodi wamba, lamulo ndi lomwelo.

Ruku_Ziwiri

Chabwino ndavomera kuti ndinayankha mbali imodzi. Koma ndifunsebe, nambala 4 imeneyi munthu umaigwiritsa ntchito pati poti sudzamusinthanitsa? Ya ruku ndimaigwiritsa ntchito gemu iliyonse. Iyi ikungokhala yokongoletsa basi?

Gogo_Opposition

Funso labwino achimwene, ndipo ayi si yokongoletsa. Umaigwiritsa ntchito posankha ngati ulowe mu endgame, gawo lakumathero kwa gemu mapisi atachepa, kapena ayi. Tinene mapisi ndi ofanana, mnzako akukupatsa mwayi wosinthana makwini ndi maruku. Usanavomere yang'ana makingi. Ngati wako ali kale pa e3 kapena d4 pomwe wake adakali pa g8 kuseri kwa maponi, ndiye kuti mukangosinthana iwe ukhala ukusewera ndi pisi ya mapointi 4 imene iye alibe kwa ma move atatu kapena anayi, ndipo mu endgame ma move atatu ndi chaka chathunthu, maponi awiri akhoza kupita. Ngati zili mosemphana kana kusinthanako olo ukhale ndi poni yoposa. Ine magemu ambiri amene ndawina kwa anyamata othamanga magazi ndawina chonchi, iwo akuwerenga mapisi amene ali pambali pa bolodi ine ndikuwerenga masitepe a makingi.

Umaigwiritsanso ntchito powerenga asilikali pamalo amene nkhondo ili. Kumbali ya kwini kuli hatchi yako ndi maponi awiri, iye ali ndi bishopu ndi maponi awiri, zikuoneka zofanana, koma kingi wako akafikako iye wake asanafike ndiye kuti muli awiri kwa mmodzi.

Aphunzi_e4

Abale inu zikomo kwambiri, sindimayembekezera kuti ndilandira zochuluka chonchi. Chitsanzo cha munda wa makolo ndachitenga, ndipo ndazindikira kuti vuto langa linali loti ndimayankha funso la kugulitsa pomwe mwanayo amafunsa la ntchito. Dzulo madzulo ndinaika malo aja a e5, e4 ndi e7 ndi mwana wanga wamkulu, tinasewera mwina kakhumi, ndipo ndinaona ndekha kuti ndakhala ndikusandutsa magemu ambiri owina kukhala ma draw pokankha poni msanga mmalo motsogoza kingi. Mayi NaBishopu chenjezo lanu ndalimva, ndiyamba ndi gemu ya 1912 ija kuti mantha oyenera akhalepo kaye, kenako ndibwere ndi za endgame, ya Short ndiisunga mpaka teremu ya mawa.

Agogo ndipempheko chimodzi, pali ka puzzle kamodzi kosavuta kuika pabolodi, mapisi ochepa, kamene kangamuonetse mtsikanayu kuti sitepe imodzi imodzi ija si kuchedwa? Chifukwa mawu ake enieni anali amenewo ndipo ndikufuna bolodi limuyankhe lokha.

Gogo_Opposition

Kalipo aphunzitsi, ndipo ndi kotchuka kwambiri, anakapanga Richard Réti mu 1921. Mapisi anayi okha. Kingi woyera pa h8, poni yoyera pa c6. Kingi wakuda pa a6, poni yakuda pa h5. Woyera ndiye asunthe, ndipo apeze draw.

Aliyense akayang'ana koyamba amati woyera waluza. Poni yakuda ili patsogolo ndi masitepe awiri kuposa pamene kingi angaigwire, ikuthamangira ku h1. Poni yoyera nayo kingi wakuda ali nayo pafupi, ma move awiri waidya. Kuthamangitsa poni yakuda sikutheka, kukapulumutsa yako sikutheka. Muwasiye ana avutike nazo kaye mphindi 10, musawauze msanga.

Yankho ndi kuyenda chopingasa. Kingi apita g7, wakuda akankha h4. Kingi apita f6. Apa wakuda ayenera kusankha. Akapitiriza h3, kingi akhotera ku e7, wafika pafupi ndi poni yake, aiperekeza nkulowa nthawi imodzi ndi yakuda, kwini kwa kwini, draw. Akati ayi ndidye kaye poni ija nkupita b6, kingi woyera apita e5, ndipo apa ndi pokoma penipeni chifukwa kuchokera pa e5 akuyang'ana mbali zonse ziwiri. Wakuda akadya pa c6 kingi apita f4 ndipo poni ya h ija yagwidwa. Akakankha h3 kingi apita d6, poni ya c yatetezedwa ndipo ilowa. Njira zonse ndi draw.

Chinsinsi chake nchakuti kwa kingi njira yokhota ndi yowongoka kutalika kwake nkofanana. Ife tikamayenda pansi kudutsa chopingasa kumatalikitsa ulendo, koma pabolodi sitepe yopingasa ndi move imodzi chimodzimodzi yowongoka. Kuchoka h8 kupita h4 ndi ma move 4 ukatsika molunjika, ndipo ndi 4 yemweyo ukadzera g7, f6, g5. Nde amatha kuthamangitsa akalulu awiri nthawi imodzi.

Masamu_Okha

Kuwonjezera pa zomwe anena agogo, kuchoka e1 kupita e8 kingi amafuna ma move 7, ndipo njira zosiyana zofikira kumeneko ndi ma move 7 omwewo zilipo 393. Ndinaziwerenga ndekha ndisanakhulupirire. Aphunzitsi mukawafunse ana aganize kaye kuti zilipo zingati musanawauze, ambiri amati imodzi kapena zitatu.

NaBishopu

Ya Réti ija poika mapisi muonetsetse kuti ana akudziwa mbali imene poni iliyonse ikulowera, yakuda ikutsikira ku h1, yoyera ikukwera ku c8, chifukwa pa bolodi lopanda kanthu chonchija amasokonezeka ndipo ena amayamba kuyendetsa poni chobwerera. Ine ndimaika kamwala pa h1 ndi pa c8. Ndipo mtsikanayo mumupatse oyera, inu mutenge akuda, musamuthandize. Mudzatiuze Lachitatu kuti g7 anaipeza pa mphindi zingati.